Safunsa akudyabe phula

Akale anati safunsa anadya phula. Dzina lenileni la mkuluyo sanatiuze, koma akanakhala wa masiku ano tikanamupeza mu Sitandade 8, atakhala kumbuyo kwenikweni, akugwedezera mutu zinthu zimene sanamve n'komwe.

Komatu palibe mwana amene amabadwa ali safunsa. Kasuzumireni mu Sitandade 1. Madamu angoyamba kumene a, e, i, o, u, kamwana kena kakweza kale mkono: “Madamu, kodi nkhuku imakodza?” Kena kakufuna kudziwa chimene kanalakwira mwezi kuti uzikatsatira usiku. Kena kakana kulemba ziro, kakuti n'kuvutikiranji kulemba chinthu chimene madamu anena okha kuti palibe. Funso la nkhukulo musaliseke. Mbalame sizikodza padera. Choyera chija mumaona pa zitosi ndiwo mkodzo wake. Madoda ambiri ovala tayi sadziwa zimenezi, poti tsiku limene ankafuna kufunsa anauzidwa kuti atseke pakamwa.

Aphunzitsi tisafulumire kuwaloza chala. Mu 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anakhamukira kusukulu ndipo chiwerengero chawo chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Mpaka pano m'sukulu zambiri mphunzitsi mmodzi amalimbana ndi ana oposa 100, ena atakhala pansi pa mtengo. Aliyense atati afunse kamodzi kokha, belu la phala lingalire madamu asanalembe deti pabolodi. Ndiye panapezeka njira yachidule: monitala ndi kapepala kake ka olongolola. Wofunsa ndi wosokosa amalembedwa pa kapepala komweko, ndipo onse amakasesa bwalo anzawo ataweruka.

Pofika Sitandade 5, pamene Chingerezi chagwira mpando, funso limayamba lafufuza kaye galamala lisanatuluke, kenako n'kufera pakhosi. Apa kalasi imasanduka kwaya. “Mwamva?” “Eeee!” “Pali funso?” “Palibeee!” Mawu okoma, ogwirizana bwino, koma m'mitu muli mdima. Phula lenileni limaperekedwa tsiku la mayeso a MANEB, pamene mwana wakumana maso ndi maso ndi masamu aja anavomera kuti wamva. Nthawi imeneyo kutembenukira kwa mnzako kuti ufunse kumatchedwa kubera.

Safunsa akakula sasintha. Ndi uja amalandira uthenga pafoni woti wapambana mpikisano umene sanalowe, n'kuthamanga kukatumiza “kandalama kotsegulira mphoto”. Ndi uja amasaina pepala la ngongole osafunsa za chiwongoladzanja, kuopa kuoneka mbuli pamaso pa kalaliki, kenako njinga n'kupita. Kuchipatala amagwedeza mutu adokotala akamafotokoza, akafika kunyumba n'kumafunsa aneba ngati mapilitsi aja ndi omeza kapena otafuna. Manyazi amene anaphunzira ali ndi zaka khumi amawalipira ndi thumba lake mpaka imvi.

N'zoona, mwana wamafunso amatopetsa, makamaka ukamavundula nsima iye n'kumafuna kudziwa kumene moto umapita ukazima. Koma kutopa kumeneko n'kotchipa. Aphunzitsi, ngakhale ana achuluke chotani, sungani kamphindi ka mafunso tsiku lililonse, ndipo lolani mwana afunse m'chilankhulo chimene funsolo labwerera. Uzani monitala kuti wokweza mkono asamulembe. Nanunso makolo, mwana akakufunsani chimene simuchidziwa, lekani kumuopseza kuti ana safunsa zimenezo. Muuzeni kuti nanunso simudziwa, ndipo mutengane kukafunsa kwa odziwa.