Oweruza a m'vidiyo sho

Kunja kuno kuli anthu amene amalandira malipiro chifukwa choonera filimu n'kulemba m'nyuzipepala kuti ndi yabwino kapena yoipa. Ikawagwira mtima amaipatsa nyenyezi zisanu, ikawagonetsa amaipatsa imodzi. Kwathu kuno ntchito imeneyi timagwira yaulere, ndipo sitidikira kuti filimu ithe. Chigamulo chimaperekedwa pomwepo, mokuwa, m'kamwa muli mtedza.

Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999, choncho ambirife maso anatsegukira m'vidiyo sho: kanyumba ka ziguduli kuseri kwa msika, mabenchi a matabwa osapala, ndi sipika yopachika panja kuti wopanda ndalama azimva zibakera n'kumawawidwa mtima. Nayi ina mwa milandu imene inazengedwa m'mabwalo amenewa.

Lumo la boma

Akuluakulu amene ankaonera kanema ku Apollo mu Blantyre nthawi ya Kamuzu amakumbuka kuti filimu inkayamba yadzera ku bungwe lounika, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968. Bungwelo linali ndi lumo lakuthwa, ndipo silinkafuna kuona milomo iwiri ikuyandikana. Mnyamata akangoweramira kwa mtsikana, chithunzi chinkadumpha.

Gogo wina wochokera kumudzi anatengedwa ndi mdzukulu wake wamkazi kukaonera filimu yachikondi. Mzungu wamuyang'ana mkazi. Mkazi wazyolika. Kuphethira kamodzi, awiriwo akuyenda mumsewu atanyamula khanda.

"Iwe, mwana uja wachokera kuti?"

"Ndi wawo, agogo."

Gogo anakhala duu mpaka filimu kutha. Atatuluka panja anamugwira mdzukulu uja dzanja. "Mwana wanga, m'tauni muno mzungu akamakuyang'anitsitsa, uzithawa."

Mwamuna wa nkhuni

Mu Commando ya mu 1985 Arnold Schwarzenegger amayamba kuoneka akutsika phiri atanyamula chimtengo paphewa. Anyamata a kutsogolo ankadikira mfuti, koma mayi wogulitsa zitumbuwa pakhomo, amene ankasuzumira pa chibowo cha chiguduli, anali atagamula kale.

"Uyu ndiye mwamuna. Anga aja mukawatuma nkhuni amabwerako ndi titsatsa tiwiri komanso nkhani ya msana."

Filimu itatha, munthu mmodzi atapulula chigulu cha asilikali kuti apulumutse mwana wake wamkazi, anyamata aja anawafunsa mayiwo ngati yawasangalatsa.

"Yaipira kumapeto. Wapita kunkhondo nkhuni zija osalowetsa m'nyumba. Amuna n'chimodzimodzi."

Wakufa Lolemba

Mwini vidiyo wina ku Ndirande anaika sabata ya karate. Lolemba anaonetsa Double Impact ya mu 1991, mmene Bolo Yeung, chimunthu cha chifuwa chotambalala chija, amafa m'manja mwa Van Damme. Lachitatu anaika Enter the Dragon ya Bruce Lee, ya mu 1973. Anthu asanakhazikike n'komwe, Bolo uja watulukira, akutukumula chifuwa.

Mdala wina wa pa benchi la kumbuyo anadzuka.

"Uyu si tamuika dzana?"

"Iyi ndi filimu ina, madala."

"Filimu ndi ina, nanga munthuyo ndi wina? Wafa Lolemba ali bambo, wadzuka Lachitatu ali mnyamata. Mukamuona mumufunse kuti sing'anga wake amakhala kuti. Ine mawondo andisowetsa mtendere."

Anayi-anayi

Titanic ya mu 1997 inatenga mphoto 11 za Oscar, koma ku Nkhotakota inapeza bwalo lovuta. Filimuyo imapitirira maola atatu. Ola loyamba litatha anthu akungovina ndi kudya, wina anakuwa: "Bwana, ndewu iyamba nthawi yanji?"

Sitima itawomba chimwala cha madzi oundana, msodzi wina anafunsa kuti inali itayenda zaka zingati. Atamuuza kuti umenewo unali ulendo wake woyamba, mu 1912, anaseka mpaka kutsokomola. "Ilala yakhala ikuyenda panyanja pano kuyambira 1951. Bwanji imeneyo osaipangira filimu?"

Ndiye panafika pamene Rose wagona pa thabwa, Jack ali m'madzi akunjenjemera. Amayi anayamba kufwenthera m'zitenje. Kondakitala wa minibasi sanapirire.

"Thabwa lonse lija munthu mmodzi? Pamene paja ndi anayi-anayi, wachisanu pamiyendo!"

Chigamulo cha bwalo chinali chachidule: akita wafa ndi kuzizira, popanda womumenya. Ndalama zibwezedwe.

Musalire, amayi

Filimu ya Yesu ya mu 1979 inamasuliridwa m'zinenero zambirimbiri, Chichewa chomwe. A mipingo ankayenda nayo m'midzi, n'kumanga nsalu yoyera pa mitengo iwiri pabwalo la sukulu. Anthu ankakhala mbali zonse ziwiri za nsaluyo, ndipo a kuseri ankaona Petro akugwira ntchito ndi dzanja lamanzere.

Yudasi atangoonekera, bwalo lonse linamuwowoza. Pofika pa mtanda amayi anali atayamba maliro enieni. Kamnyamata kena, kamene kanali kataphunzira zambiri m'vidiyo sho ya pa tawuni, kanawakoka chitenje amayi ake.

"Musalire, amayi. Akita safa."

Kanalandira khofi la pamutu chifukwa cha mwano. Kanakhala chete, misozi ili lengelenge, mpaka pamene manda anapezeka apululu. Apo kanalumpha n'kuimirira pa njerwa.

"Ndinakuuzani! Ndinakuuzani ine!"

Abusa akuti mwa maulaliki onse a Pasaka amene anamvapo, umenewo ndiwo unali waufupi kwambiri.

Apongozi pa sikirini

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mafilimu a ku Nigeria analowa m'nyumba zathu, ndipo amayi anapeza bwalo lawo. Filimu iliyonse inali ndi gawo loyamba, lachiwiri, mwinanso lachitatu, ndipo inkadukira pamene mbale ya poizoni yafika patebulo. "Usadye iwe! Usadyetu!" Koma mtsikanayo samva, wasamba kale m'manja.

Mtengwa wina anaonera limodzi ndi apongozi ake filimu imene Patience Ozokwor ankazunza mkazi wa mwana wake kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kumapeto mayi woipayo anachita misala n'kuulula zonse pamsika.

"Mwaiona bwanji, amayi?" anafunsa mtengwa, akubisa chimwemwe.

"Yabwino, koma mayi uja angomulakwira. Inu simunaone kuti mtsikana uja amadzuka dzuwa litakwera?"

Madzulo ake apongozi anapha nkhuku n'kutumiza mbale kunyumba kwa mtengwa. Nthuli yoyamba analawa ndi galu.

Ana osowa mkwapulo

Mphunzitsi wina wa pulayimale anakwiya ataonera Aki ndi Pawpaw akuba nyama mumphika, akunamiza bambo awo, akusokoneza mudzi wonse.

"Ana awa ndi opanda mwambo. Atabwera m'kalasi mwanga sabata imodzi yokha angawongoke. Makolo awo ali kuti?"

Mnzake anamuuza kuti amenewo si ana. Chinedu Ikedieze, wosewera ngati Aki, anabadwa mu 1977, Osita Iheme, wosewera ngati Pawpaw, mu 1982. Mphunzitsi uja anawerengera pa zala, n'kuyang'ananso pa sikirini.

"Ndiye kuti winayo ndi achimwene anga." Anakhala kaye chete. "Komabe achimwenewo akusowa mkwapulo."

Magetsi atazima

M'vidiyo sho iliyonse mumakhala munthu amene filimuyo anaionera kale. Amakhala pakati, ndipo ntchito yake ndi kuwononga. "Apa amuwombera. Uyu musamukhulupirire, ndi kazitape. Taonani kuseri kwa chitseko." Anthu amamutukwana, iye osatekeseka.

Tsiku lina magetsi anazima akita atamangidwa pampando, bosi wa zigawenga akunola mpeni. Jenereta inalibe mafuta. Anthu anayamba kuitanitsa ndalama zawo, ndipo mwini vidiyo, thukuta lili kamukamu, anamugwira mkono wowononga uja. "Aise, tamalizitsa. Mawa ulowa ulere."

Mnyamatayo anaimirira kutsogolo mumdima. Anadula zingwe ndi mano, anamenya anthu khumi ndi mwendo wa mpando, anaphulitsa ndege, anakwatira mwana wa bosi, ukwati wake wa ku tchalitchi. Kulira kwa mfuti ankapanga ndi pakamwa. Anthu anawomba m'manja n'kumapita kwawo atakhutira.

Mawa lake magetsi atayaka anaonetsa mathero enieni: apolisi anangofika n'kumanga aliyense. Bwalo linakwiya.

"Tepi iyi ndi yabodza! Ukwati uja uli kuti?"

Mfumu ya ku China pa Lunzu

Kenaka kunabwera anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa. Munthu mmodzi amayankhulira aliyense: akita, bosi, nkhalamba, mwana, ngakhale hatchi. Zimene anenadi ku Hong Kong ndi nkhani ina. M'kamwa mwa womasulira, Jet Li amachokera ku Bangwe, mphunzitsi wake wa ndevu zoyera ndi sing'anga wa ku Mulanje, ndipo nkhondo yonse yayamba chifukwa mfumu inaberedwa mbuzi pa msika wa Lunzu.

Mkulu wina amene anaikonda kwambiri filimu yotere anapita kukacheza kwa mlamu wake ku Area 47, kumene anamuikira filimu yomweyo m'chinenero chake chenicheni, mawu achingerezi akuyenda pansi. Anaonera pang'ono n'kupukusa mutu.

"Alamu, anakuberani. Iyi ndi yongokopera. Yeniyeni ili kwathu, ndipo nkhani ya mbuzi yonse aichotsa."

Malume ku Joni

Mnyamata wina wogwira ntchito ku Johannesburg anawatenga malume ake, amene anabwera kudzamuona, kupita nawo ku nyumba ya kanema yeniyeni: mipando yofewa, mphepo yozizira, sikirini yodzaza khoma lonse. Mavuto anayambira pakhomo, malume atamva mtengo wa mbuliwuli.

"Chimanga chodzaza manja awiri mtengo umenewo? Mphwanga, ine chaka chino ndikolola, undipezere malo pakhomo pano."

M'kati munali zii. Anthu mazana, wotsokomola ngakhale mmodzi ayi. Malume anapirira mpaka pamene chigawenga chinayamba kunyang'ama kumbuyo kwa akita chitanyamula chitsulo.

"Kumbuyo kwakoko, iwe! Cheuka!"

Mizere itatu inatembenuka. Mnyamata wa tochi anabwera kudzawapempha kuti akhale chete. Malume anamvera. Patangopita kanthawi chigawenga china chinabweranso, holo yonse ili chete, ndipo akita anachilandira chitsulo cha m'mutu.

Malume anapinda manja. "Mwaonatu. Ameneyo mwamupweteketsa ndinu."

Chichewa cha ku Wimbe

Mu 2019 kunatuluka The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola. Anaijambulira konkuno. Chiwetel Ejiofor wa ku Britain ndiye anaitsogolera n'kusewera ngati bambo ake a William, ndipo William anali Maxwell Simba wa ku Kenya. Alendowa anachita khama kuphunzira Chichewa, ndipo ambiri anawayamikira. Bwalo la kwathu linatchera khutu.

"Akuyankhula chinenero chanji?" anafunsa agogo ena.

"Chichewa, agogo."

"Cha kuti?"

"Cha ku Kasungu."

"Ine ku Kasungu ndinakwatiwako. Tawerenga zachizungu zili pansizo undimasulire."

Koma pamene njala inafika pa sikirini, anthu akukanganirana chimanga pa depoti, m'nyumbamo munalibenso woseka. Aliyense wamkulu ankaikumbukira njala ya 2002. Madzi atatuluka m'chitsime kumapeto, agogo aja anapereka chigamulo: "Mwanayo ndi wanzeru. Bambo akewo akhale kuno chaka chimodzi, lilime liwongoka."

Zathu zomwe

Filimu ya kwathu ndiyo imazengedwa mlandu woopsa, chifukwa mboni zimakhala zili m'bwalo momwemo. Akita wa ku America akamwalira timamulira. Wa kuno akangotseka maso, wina amakuwa: "Bodza! Ndamuona m'mawa uja pa siteji ya ku Chilomoni." Pa filimu ina mnyamata anasewera ngati bwana wolemera, galimoto yakuda, suti yonyezimira. Mayi wina anaimirira pakati pa anthu. "Ameneyo asatinamize. Ali ndi ngongole yanga ya tomato."

Chikhalirecho anthu akugwira ntchito. Shemu Joyah anatipatsa Seasons of a Life mu 2008, The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017, yomwe inakhala filimu yoyamba imene Malawi anatumiza ku mpikisano wa Oscar. Joyce Mhango Chavula ndi filimu yake yotchedwa Lilongwe anakatenga mphoto mu 2016 ku Nigeria, kwawo kwenikweni kwa apongozi oopsa aja.

Vuto ndi loti oweruza ambiri masiku ano amalowa m'bwalo kudzera pawindo. Filimu ikangotuluka amathamangira kokabenetsa pa fulashi, wopanga osalandirapo ngakhale ya sopo, kenaka n'kumadandaula kuti magazi ake akuoneka kuti ndi tomato.

Choncho mukamva kuti filimu ya kwathu ikuonetsedwa pa holo ya kwanuko, pitani, lipirani pakhomo, khalani kutsogolo. Mukatero kuwani mmene mungathere, muchenjezeni akita, mutukwaneni bosi. Ufulu wonyoza filimu ndi wa munthu amene walipira.