Mtengo wobweza mlendo kwawo ku Mulanje

Kubweza kwawo anthu onse olowa m'dziko opanda ziphaso ndi ntchito yopepuka ikamanenedwa pamsonkhano. Ku Mulanje imafuna galimoto, mafuta, apolisi, chakudya cha ogwidwawo ndiponso wina woti aloze kuti mlendo ndi uti.

Gawo lomalizali ndiye lovuta. Malire omwe Britain ndi Portugal adagwirizana mu 1891 adatsata mitsinje ya Ruo ndi Muloza, koma Alomwe ambiri adawoloka pambuyo pake kuchokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi. Lero wodwala wochokera ku Milange akakhala pamzere pachipatala cha Mulanje Mission amalankhula Chichewa ndi Chilomwe chomwecho, ndipo mwina mfumu ya m'mudzi wapafupi ndi amalume ake. Wofuna kusankha alendo pamenepo angayambe wagwira apongozi ake.

Mlendoyo akapezeka, boma limalipira ulendo wonse mpaka pachipata cha Muloza. Wobwezedwayo amangolipira ulendo wobwerera, womwe m'chilimwe mtengo wake ndi kupinda buluku mpaka m'mawondo. Tsiku la msika wa Limbuli likafika, amakhala ali kale pamalo pake ndi thumba la chimanga.

Dziko la South Africa, lomwe lili ndi ndalama zambiri, limasunga Amalawi ku Lindela lisanawabweze, ndipo ena amabwerera ku Joni asanamalize kupereka moni kumudzi. Koma anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni omwe adathawira kuno nkhondo ya Renamo adabwerera kwawo mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, ambiri a iwo wapansi.