Kodi woyendetsa ndege amaloledwa kukana ulendo?

Ine ndine msodzi wa usipa kuno ku Monkey Bay, ndipo ndege sindinakwerepo. Mundikhululukire ngati mafunso angawa ali achibwana.

Kuno mwera ukalimba, makamaka mu June ndi July, mabwato timawakokera kumtunda. Mwini khoka la chilimira angakalipe chotani, siginala, amene amatitsogolera panyanja, akanena kuti lero nyanja yaipa, palibe wogwira nkhafi. Agogo ankatisimbira za sitima ya Vipya, imene inamira mu 1946 ndi anthu oposa 140, pofuna kuti tiziopa mphepo.

Nanga kumwambako zimakhala bwanji? Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali ya Dornier 228 inanyamuka ku Lilongwe kulowera ku Mzuzu, itanyamula anthu opita ku maliro a Ralph Kasambara. Kumpotoko kunali chifunga. Inakawomba phiri m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo anthu onse 9 anafera pomwepo, mmodzi mwa iwo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, a Saulos Chilima. Ndani amauza woyendetsa ndege kuti lero kunja sikuli bwino? Iye mwini akaona kuti kutsogolo kwatseka, atanyamula bwana wamkulu, mwambo wa maliro ukudikira, kodi ali ndi mphamvu yonena kuti sitipita, monga amachitira siginala wathu?

Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyi anapeza kuti ndegeyo inkauluka m'munsi nyengo itaipa. Chifukwa chiyani m'munsi, kumene kuli mapiri? Kodi ankafuna kuona pansi, monga ife timatsatira gombe nyanja ikachita nkhungu?

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi batire. M'ndegemo munali kachipangizo kamene kamaitana ndege ikagwa, kuti oifunafuna aipeze msanga. Akatswiriwo anati batire yake inatha nthawi mu 2004. Zaka 20 zathunthu! Ife batire ya nyali za usipa timaiyesa madzulo aliwonse tisanalowe m'madzi. Kodi panalibe munthu amene ntchito yake inali kuyang'ana imeneyo? Ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira, abale atagona usiku wonse osadziwa kumene kuli anthu awo. Makina osunga mawu a oyendetsa munalibenso. Ndege zina zimene zikuuluka lero, zili nawo?

Inu odziwa za ndege, chonde tiyankheni m'Chichewa chomveka, kuti nafenso kunyanja kuno timve.