Adzakuliramo

Pamsika wa Mitundu, mayi wina wogulitsa kaunjika wochokera ku Nathenje anali atangolandira ndalama za malaya oyera. Kamnyamata kogulidwira malayawo kanaima pambali, manja ake osaoneka, m'munsi mwa malaya mukugunda m'mawondo. Msuweni wa mayiyo, bambo wa ku Ulongwe ku Mozambique amene amalowa ndi zitenje pa Dedza n'kubwerera ndi nsapato za ana, anafa nalo phwete.

"Asuweni, mwanayu mwamugulitsa malaya kapena neti ya udzudzu?"

"Adzakuliramo. Ali Sitandade 2, afika nawo Sitandade 6. Akatero alowamo mng'ono wake. Kolala ikaperepeseka, telala wa pakhonde aitembenuza."

"Ndiye inu Amalawi ndinu a nzeru. Tsiku limene malaya amukwana mwana ndi lomwelo limene ang'ambika."

"Nanga kwanu amagula bwanji?"

"Ife timagula zomukwana. Pa 1 June, tsiku la ana, mwana amatuluka m'nyumba atatchena kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ngakhale bambo osauka chotani, tsiku limenelo amayesetsa."

"Mtundu wonse kuthamangira kumsika sabata imodzi, ndiye mukuti mwagula motchipa? N'chifukwa chaketu ine mu May sindisowa ku Ulongwe. Kadiresi kamene kuno kakhala pamulu miyezi itatu, kwanu amakalimbirana."

"Ngati kuti inu simuchita zomwezo pa Khirisimasi! Feteleza simunagule, chimanga chikutha m'nkhokwe, koma mwana avale suti yoti akaonetse kutchalitchi. Kamwana ka zaka zinayi, tayi ali pakhosi, kutentha kwa December."

Mayiyo anapinda kajuzi kofiira n'kukabisa m'chikwama chake osati pamulu.

"Ako n'kanga. Juzi ndimagula mu October, anthu akuthawira pamthunzi, palibe woiyang'ana. Ikafika June, kuzizira kwa ku Dzalanyama kutatsika, mtengo wake umakhala wina. Ndipo kholo lanzeru silibwera m'mawa belo likungodulidwa kumene. Nthawi imeneyo ndi ya mavenda anzathu ndi ophunzira a ku Bunda, osankha zapamwamba. Bwerani dzuwa litapendeka, ine ndikuwerenga ya transipoti yobwerera ku Nathenje, muona mmene ndimafewera."

"Mukuulula chinsinsi, asuweni."

"Ndikuuza inu, mlendo. Mawa mwapita."

"Ndiye nane ndikuuzeni changa. Kuno sukulu zimatsegulira chaka mu September, kwathu kumayambiriro kwa chaka. Nsapato zakuda ndimazitolera kuno mu November, makolo anu atazitaya mtima, n'kukazigulitsa kwathu mu January."

"Ndiye ndinu amene mumatha nsapato za ana athu! Ndimati ndi afiti."

"Ndi kwacha yanu imene imandiitana. Metikali yanga ikangodutsa pachipata cha Calomue imanenepa yokha."

Apa mayiyo anasiya kuseka pang'ono, pakuti nkhani ya kwacha siseketsa wogulitsa kaunjika aliyense. Kwachayo inagwa mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mtengo wa belo unkakwera mofulumira kuposa mmene makolo ankapezera ndalama. Mu February 2025 mavenda a kaunjika mpaka anachita kuguba kupita ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe.

"Chimandiwawa n'choti belo limatsika sitima ku Beira, kwanu komweko, lidutsa pakhomo panu, koma likafika kuno limakhala ngati lakwera ndege. Ukalidula, mkati upezamo majekete a chipale chofewa ndi sokosi imodziimodzi. Ndigulitse kwa ndani sokosi imodzi?"

"Kaunjika wa kwathu, amene timati kalamidade, n'chimodzimodzi. Belo ndi juga. Kungoti ife tikaluza timatukwana m'Chipwitikizi, ndiye zimamveka ngati tikuyamika."

Panafika mtsikana wa Fomu 3 ndi amayi ake. Anatembenuza mulu wonse, kudumpha mabuluku abwinobwino, n'kutola jinzi yong'ambika m'mawondo onse awiri. Amayi ake anagwira pakamwa atamva mtengo.

"Yobooka chonchi ikhale yodula kuposa yathunthu?"

"Ndi sitayilo, amayi. Koma tamverani. Tengani yathunthuyi, ndikuchotserani. Lezala ndi yotchipa pagolosale apo, akabowole yekha kunyumba."

Mtsikanayo anatsinzina diso limodzi, kuganiza, kenako anafunsa ngati kumbuyo kuli chizindikiro cha Levi's. Panalibe. Anaibweza pamulu n'kuchoka, amayi ake akumutsatira pambuyo.

"Mwaona? Aang'ono umawaveka chilichonse, bola chili ndi thumba loikamo chimanga chokazinga. Awa a mafoniwa amabwera ndi chithunzi."

"Kwathu ndiye kopambana. Mwana wanga wamkazi anakana kapulana imene amayi ake anamusokera, akuti ndi ya agogo. Ndinabwera nayo kuno, mwana wa achimwene anu uja akuivala ku sekondale, akuuza anzake kuti ndi ya kunja."

"Si ya kunja nanga? Mundipatse ziwiri zinazo. Ndalama mudzatenga mukamabwera ulendo wina."

"Mundilipire m'metikali."

"Mudzalandira sokosi. Ndili nazo zambiri, zonse za kumanzere."