Ulemu kwa Chulu, Bwanamkubwa wa Netiweki

Akuluakulu akamabwera kudzatsegulira mjigo, timasesa msewu, amayi amavala nsalu zofanana, ng'oma n'kumalira mpaka fumbi koboo. Koma wantchito wamkulu m'mudzi mwathu muno, amene watumikira usana ndi usiku osapemphako ngakhale metikali imodzi, sanaomberedwepo m'manja. Ndikunena chulu cha kumunda kwa malume, chija chili kumtunda kwa dambo, pamene pamagwira netiweki.

Amene sanafikeko ku Tsangano mwina adabwa. Kuno n'kumapiri, ndipo makolo anakhazika midzi m'zigwa, kufupi ndi madzi ndi madimba a kachewere, poti sankadziwa kuti kudzabwera zinthu zoyenda mumlengalenga zokana kukhota. Mafunde a foni ndi onyada. Amachoka pansanja n'kulunjika, akakumana ndi phiri amagwa ulesi, ndipo kutsikira kudambo amakuona ngati kudzichotsa ulemu. Movitel itayamba ntchito mu 2012 n'kudzala mapolo ndi nsanja mpaka kumidzi, ambiri anapindula. Koma phiri silisamuka. Ntchito yotsalayo, yokweza munthu mamita awiri kapena atatu kuti foni yake ionane ndi nsanja, anaimaliza ndi chiswe.

Ndipo onani mmene anaigwirira. Ku Songo, m'chigawo chathu chomwechino cha Tete, kuli damu la Cahora Bassa lotha kupanga mamegawati 2,075, ndipo magetsi ake amayenda makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku Joni. Pomanga pamenepo panalowa mainjiniya ovala zipewa zolimba ndi simenti yoti simungaiwerenge. Chiswe chinangotenga dothi ndi malovu. Sichinaitanitse msonkhano wokhala ndi alawansi, sichinaike chikwangwani, ndipo mvula ikagumula mbali ina, kukacha mupeza pamatidwa kale. Manthu wawo ali phee pansipo kuikira mazira masauzande patsiku, osadziwa n'komwe kuti padenga pake pakukambidwa za mabiliyoni a mpira wa ku England.

Chulu chathu n'kazembenso. Mukaima pamwamba n'kuyang'ana kuzambwe, foni imakhala ya ku Mozambique: 86 kapena 84, mamega, e-Mola ndi M-Pesa, mawu a mayi uja wa m'foni akulankhula Chipwitikizi. Mukangotembenukira kum'mawa, kuloza ku Ntcheu, mwalowa m'Malawi: 099 kapena 088, mayunitsi, Mpamba, mayi wina akulankhula Chichewa. Pa Biriwiri amafuna mapepala ndi chidindo. Pachulu chimafunika n'chidendene basi. Ndaonapo munthu akugulitsa matumba a kachewere kwa wamalonda wa pa Tsangano Turn-off m'makwacha, n'kutembenuka kulipira ngongole ya feteleza m'mametikali, phazi lili pamodzimodzi. Ndiye paja chisankho cha mu Okutobala 2024 chitatha, intaneti ya m'mafoni itayamba kudulidwa, Facebook ndi WhatsApp zikuvuta, a ku Maputo analira n'kumaphunzitsana za VPN. Ife tinangoyang'ana kum'mawa.

Ena amachinena kuti sichisunga chinsinsi. Ine ndimati chimaphunzitsa chilungamo. Pachulu palibe kunong'ona, chifukwa mphepo ya kuno imalanda mawu, ndiye aliyense amakuwa ngati akuingitsa anyani m'munda. Alamu anga akaimbira amuna awo amene ali ku Joni, mzere wonse wodikira m'munsimo umamva.

"Halo? Bambo a mwana? Ndikuti zija munatumiza zatha! Ayi, osati mbuzi, ndalama! Halo?"

Pofika madzulo mudzi wonse umakhala ukudziwa kuti zatha, kuti zinali zingati, ndiponso kuti kumbuyo kwa mawu a bamboyo kunamveka chifuwa chosakhala chachimuna. Ankhoswe masiku ano safufuza. Amangopita kukapalira chimanga pafupi ndi chulu.

Mwambo womwe chauweyula. Kwathu kuno mkamwini akaona apongozi aakazi panjira amapatukira kutchire. Koma chulu n'chimodzi, ndipo timizere tiwiri ta netiweki timapezeka pamalo osakwana mphasa. Tsiku lina ndinali pamwamba, foni ili m'mwamba ngati ndikulumbira m'khoti, kudikira kanema wa masekondi 40. Ndinangomva kutsokomola m'munsi. Apongozi. Anaima cham'mbali, nkhope ataloza kuchimanga, n'kuuza kamwana kamene anali nako, "Uwauze bambowo kuti akamaliza ndiimbireko kuchipatala." Kamwanako kanabwereza mawu amene ndinawamva kale. Ndinatsikira mbali ya minga. Kanemayo anali atafika pa 91 peresenti, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti mbuzi ya m'kanemamo inatani itakwera njinga yamoto.

Koma ulemerero weniweni wa chulu umaoneka dzuwa likapendeka, anyamata akaweruka kudimba. Mmodzi, mwini mamega, amakwera. Enawo amakhala m'munsi mozungulira ngati pabwalo la milandu, iye n'kumagwetsa nkhani imodziimodzi. Apa ndiye pamatuluka akatswiri. Anthu amene sanapondeko pa Kamuzu Stadium amasankhira Bullets ndi Manoma osewera, wina n'kukumbutsa kuti nafenso tili ndi Songo yathu, imene inatenga Moçambola mu 2017 ndi 2018, koma palibe womumvera. Amaweruza kuti woimba uyu watha, uyo nyimbo anaba, winayo magalimoto amajambulitsa nawo ndi obwereka. Amene foni yake ndi ya mabatani, yomanga ndi mphira, ndiye amafotokoza bwino kwambiri kuipa kwa kamera ya iPhone yatsopano.

Mdala Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu atabweranso ndi Linny Hoo pamodzi ndi Patience Namadingo, nyimboyo n'kuzungulira dziko lonse pa TikTok, mkangano unatenga sabata. Anyamata ankati ndi Namadingo anamutola mdalayo. Agogo anga, amene anabwera kudzathyola nkhwani m'mbali mwa chulu, anangoti, "Inu ana, ameneyo tinkamumva pawailesi amayi anu asanabadwe. Watola mnzake ndani?" Bwalo linati zii.

Za imfa ya Lucius Banda, Soja wa ku Balaka, amene anamwalirira ku South Africa pa 30 Juni 2024, tinamveranso pomwepo. Poyamba sitinakhulupirire, pakuti chulu chathu, ndivomere, chinaphapo oimba angapo amene mpaka pano akudya nsima. Sichisankha. Zoona ndi zabodza chimazitsitsa ndi mtima umodzi, ngati mayi wogawira ana ndiwo. Koma usiku umenewo mnyamata wa mamega anatsika osalankhula, ndipo tinadziwa. Akuluakulu amene anakhalako ku Ntcheu ndi ku Balaka pothawa nkhondo, asanabwerere mtendere wa 1992 utasainidwa, anabwera okha kudzakhala m'munsi mwa chulu, foni ya mabatani ija ikuimba nyimbo zake za m'memori khadi mpaka batire inatha.

Msuweni wanga wa ku Macanga, cha ku Furancungo, amanyoza. Akuti chulu chawo n'chachikulu moti pamakwera anthu asanu ndi njinga, ndipo nyengo yogulitsa fodya ikafika pamakhala ngati pabanki, aliyense akudikira uthenga wa ndalama. Mwina n'zoona. Koma anthu a fodya amakonda kukuza zinthu, ndipo chawocho chimalankhula chinenero chimodzi.

Zilipo zimene adani a chulu amatchula. Linthumbwi, mwachitsanzo. Ine ndimati ndi alonda oonetsetsa kuti wina asachedwepo, ndipo palibe lamulo la boma limene linafupikitsapo macheza a zibwenzi ngati mmene limachitira linthumbwi likalowa m'buluku. Amatchula njoka ya kuuna wa kumpoto, imene sinalumepo aliyense amene anali ndi nkhani yofunika. Amatchula matope a mu Januwale, pamene munthu amakwera ndi miyendo n'kutsika ndi msana. Nanga n'kampani iti ya mafoni imene mvula yoyamba ikagwa imagawira makasitomala ake ngumbi zokazinga, kenako n'kuwonjezera bowa wa utale? Zoonadi, masiku amenewo malume amafunditsa chulu chonse ndi udzu, n'kutchera mphika, n'kuletsa aliyense kupondapo, moti mudzi umakhala masiku atatu osadziwa amene wasiyana ndi mkazi wake ku Lilongwe. Timapirira. Nsanja zazitsulo nazo zimakhala ndi masiku okonzedwa, koma sizitulutsa ndiwo.

Chimene chandilembetsa zonsezi n'chakuti malume akufuna kumanga nyumba yamalata, ndipo akuti dothi la pachulu ndilo limaumba njerwa zolimba. Anyamata aganyu ayamba kale kukumba mbali ya kum'mawa. Sabata yatha tinapita kwa a nyakwawa kukadandaula, iwo n'kunena kuti munda ndi wa malume, chulu n'cha malume, ndipo m'mabuku a boma mulibe polembapo netiweki ya chiswe. Atatero anatibwereka foni, n'kufunsa ngati mbali ya ku Malawi ikugwirabe, poti mwana wawo wa ku Blantyre anawabipa m'mawa.

Ikugwira, koma pokhapokha mutaima ndi zala za kumapazi.