Mikango ya simenti pa geti

Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Makolo ananena mwambiwu akusuzumira m'khola, koma amene unawayenera kwenikweni ndi alimi a ku Alnwick, kumpoto kwa England.

Nkhondo za Napoleon zitatha, mitengo ya zokolola inagwa, ndipo mwini minda, Duke wa Northumberland, anawadulirako lendi gawo limodzi mwa magawo anayi. Alimi aja sanangothokoza n'kukagona ayi. Mu 1816 anasonkherana n'kumumangira chipilala chamiyala chotalika mamita 25, pamwamba n'kukhazikapo mkango, mchira uli nganganga. Eni dera amasimba kuti bwana atakweza maso anazindikira kuti anthu akewo ndalama ali nazo ndithu, lendi n'kukweranso. Mpaka lero chipilalacho amachitcha uchitsiru wa alimi.

Azungu a kuno kwathu analibe nthawi yosema miyala. Atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, mwana wake Nsingo n'kumuwombera, ng'ombe n'kulanda, anangoitcha tauni yonse dzina la mzungu mnzawo, Fort Jameson. Chipilala chotchipa chimenecho tinachigwetsa ndi penti titalandira ufulu, n'kulembapo Chipata.

Masiku ano zipilala zinasamukira pa mageti. Munthu wagulitsa soya ndi nshawa, ndalama zikumutentha m'thumba, basi aitane mmisiri: nsanamira ziwiri zonenepa, matailosi owala, pamwamba mikango ya simenti yopaka golide. Wina maso ake ali uku ndi uku, winayo akuoneka ngati galu wodwala chimfine. Kuseri kwa mpandako nyumba ilibe mawindo, mafelemu anatsekamo ndi masaka a fetereza.

Ndiye amalonda afike! Oyamba ndi amalume, pa njinga kuchokera ku Mtenguleni, ati angodzaona ana, koma m'thumba muli kalata ya sukulu fizi. Akomiti ya kutchalitchi akumbukira mwadzidzidzi kuti denga likudontha ndipo inu ndinu mlendo wolemekezeka Lamulungu likudzali. Ngakhale mayi wa tomato ku msika wa Kapata, amene kale ankakuikirani basela, akuti mulu wakwera chifukwa mwafika abwana. Simenti ija n'kuti mutatenga pangongole.

Inu amene mukuchita lendi ku Mchini kapena ku Nabvutika, alandilodi akakudulirani mtengo musapente khomo, musadzale maluwa. Pitani mukagwade, muwombe m'manja, mutavala malaya ong'ambika pakolala.