Belo langa lidziwa Ulaya, mwini wakene malire ndi Kanengo

Kumpingo kwathu kuno kwa Lukwa kwabuka ntchito yatsopano. Denga la tchalitchi likudontha pomwe pamakhala amayi a Chigwirizano, njinga ya mlaliki ilibe tcheni, koma akuluakulu agwirizana kuti chaka chino maso athu aone patali. Akuti tisonkhe ndalama za zinthu ziwiri: kutumiza abusa athu ku South Africa kuti akaonjezere maphunziro, ndi kuthandiza ntchito ya umishoni kunja kwa dziko. Mlembi atawerenga chilengezocho anthu anaomba m'manja mwaulemu, kenako aliyense n'kugwira thumba lake kuti aone ngati likadalipo. Ine ndinaomba kuposa onse. Ndili ndi nthenda yanga: mawu oti "kunja" akandilowa m'khutu, nzeru zimatulukira khutu linalo.

Musandiseke msanga. Pankhani yotumiza zinthu kunja ine ndine katswiri wakalekale. Chaka ndi chaka fodya wanga amachoka m'chigafa, ndimusankha, ndimudinda pa jeke, akwera lole kupita ku Chinkhoma, ndipo akagulidwa amapitirira mpaka kudoko, n'kukwera sitima ya pamadzi kukafika ku Belgium ndi maiko ena amene ine ndimangowamva pa wailesi. Pasipoti alibe, Chingerezi sachidziwa, koma amafika. Mwini wakene malire anga ndi Kanengo, komwenso ndinakafika nditakhala pamwamba pa mabelo, fumbi lili mbuu m'nsidze.

Tsono linafika tsiku la pepa Sande. Woyendetsa mwambo anali mnyamata wodziwa kusolola ndalama m'thumba la munthu popanda kumugwira. Anaitana mlaga ndi mlaga. Anaitana obadwa mwezi wa January. Anaitana a Bullets kuti aonetse mphamvu, a Manoma n'kunyamuka kudzawabwezera. Ine ndinali phee, chifukwa m'thumba munali K200 imodzi yokha ndipo inali ndi ntchito ya mchere. Kenako mnyamata uja anati, "Tsopano tione madoda enieni, alimi a fodya, amene dzina lawo limadziwika ku okushoni!"

Miyendo yanga inaimirira yokha osandifunsa. Pakamwa napo panatseguka pokha: "Ine ndipereka belo limodzi lathunthu!" Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Abusa anagwedeza mutu mokondwa. Munthu mmodzi yekha ndiye sanaombe m'manja, ndipo ndi amene ndimagona naye nyumba imodzi.

"ABanda," anayamba motero tikudya nsima ya nkhwani madzulo ake, "belo mwalonjeza lija ndi liti? Lija munalonjeza kale kwa mwini feteleza, kapena lija la fizi ya mwana, kapena lija munati mudzandigulira nalo malata a khitchini?"

"Naphiri, za Mulungu sitiwerengera."

"Inu simuwerengera, koma msungichuma amawerengera. Ndamuona akulemba m'buku, ndi bolopeni yofiira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, aBanda, wapachala ndi wa mphepo. Wanuyo ngakhale pachala sanafike, akadali m'munda kudikira mvula."

Ndinamuuza kuti nkhani zimenezi ndi zakuya, zofuna munthu wodziwa mbiri. Mbiriyo ndinapita kukaibwereka kwa amalume, mphunzitsi wopuma amene amatsutsa chilichonse chimene komiti yagwirizana, ngakhale nthawi yoyambira mapemphero.

Amalume anayamba ndi kuvomereza kuti kusonkha si chinthu chachilendo. Uthenga sunabwere kuno wokha, unalipiridwa. A Robert Laws ndi anzawo anafika ku Cape Maclear mu 1875 pa sitima ya Ilala chifukwa anthu a ku Scotland anasonkha. A Andrew Murray ndi a Vlok anayamba ku Mvera mu 1889 chifukwa abusa a ku Cape anatapa m'matumba mwawo. Kuno ku Kasungu mishoni inayambidwa ndi a Livingstonia, Dr George Prentice ndiye anali patsogolo, kenako m'zaka za m'ma 1920 inaperekedwa m'manja mwa a Nkhoma. Ndipo anthu athu atakhamukira ku migodi ndi ku mafamu a ku Rhodesia, ena n'kusanduka machona, mpingo unawalondola: a Vlok omwewo anasamukira ku Salisbury mu 1912, ndipo mbewu yake ndi Sinodi ya Harare imene ilipo mpaka lero.

"Ndiye ndachita bwino, amalume," ndinatero ndikukonza kolala.

"Dikira, mphwanga. Kusonkha ndi kwina, kutumiza munthu ndi kwina. Munthu ukamutumiza kunja sudziwa chimene abwere nacho, ndiponso sudziwa tsiku lobwera."

Anawerenga ndi zala. John Chilembwe anapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, akuda anzathu a mpingo wa Baptist kumeneko n'kumuthandiza kuphunzira ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Anabwerako mu 1900, n'kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Pofika 1915 atsamunda anadziwa kuti munthuyo sanangophunzira kuimbitsa nyimbo. Winanso ndi mwana wa konkuno. Kamuzu anachoka ku Kasungu wapansi, n'kukafika ku Joni, komwe anali ndi a Hanock Msokera Phiri, mbale wake amene anadzakhala mbusa wa AME. Mpingo wa AME womwewo ndi umene unamuthandiza kupita ku Wilberforce, ku Ohio, mu 1925. Kubwerera kwake kunali mu 1958. "Werenga wekha zakazo," anatero amalume. "Zaka 33. Abusa athuwa akakachita zomwezo, ukwati wa mdzukulu wako adzadalitsa ndani?"

Anaonjezanso kuti masiku ano vuto si kuchona ayi, koma kuti munthu akabwera ndi digiri yachiwiri, tauni imamuitana mokweza kuposa mudzi. Ife a kumudzi timasonkha, a ku Lilongwe n'kumamva ulaliki wake. Sukulu zaubusa tili nazo konkuno, anatero, ya Josophat Mwale ku Nkhoma ndi ya ku Zomba imene inatsegulidwa mu 1977, ndipo munthu wopita kumeneko tchuthi chikafika amabwera pa minibasi.

Amalume ankafuna kundiopseza, koma ine ndinamva zina. Pobwerera kunyumba ndinaima pa golosale n'kupempha mwini wake kuti andionetse ndalama za m'kabati, zongoona chabe. Pa K500 pali Chilembwe. Pa K1,000 pali Kamuzu. Pa K2,000 Chilembwe yemweyo, pa K5,000 Kamuzu yemweyo. Abale, anthu awiri amene mipingo inawaphunzitsa kutsidya kwa nyanja atenga ndalama zonse zikuluzikulu! Ine m'mbale ya chopereka ndimaponya Inkosi Gomani wa pa K50, ndipo mwezi ukavuta ndimatsikira kwa Inkosi M'mbelwa wa pa K20. Ndinaona poyera kuti njira yokhalira pa ndalama ndi kutumizidwa kunja ndi mpingo. Ndipo ndani woyenera kuposa ine? Ndine Banda. Ndine wa ku Kasungu. Kuyenda wapansi ndiye ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku.

M'mawa mwake ndinavala jekete ya ukwati n'kupita kumanse.

"Abusa, ndabwera kudzadzipereka. Pa gawo lija la umishoni wakunja, musavutike kufunafuna munthu."

Abusa anandiyang'ana nthawi yaitali, ndi chifundo chimene amasungira odwala. "Zikomo, aBanda. Kodi munalalikirapo?"

Ndinawakumbutsa za maliro a kwa apongozi anga, pomwe ndinapatsidwa mpata woti ndingopereka mawu ochepa. Iwo anati akukumbukira bwino, chifukwa ndi tsiku limene adzukulu anatumiza uthenga kuchokera kumanda kuti ngati sindimaliza akwirira dzenje n'kumapita kwawo.

"Nanga Chingerezi?"

Ndinawauza zoona zake, kuti Chingerezi changa ndi cha ku okushoni, ndipo mawu amene ndimawawerenga mosajejema ndi aja amalemba pa tikiti belo likakanidwa. Pasipoti ndilibe, koma chiphaso cha unzika chilipo, chithunzi chake ndi chooneka bwino ngati munthu sachiyang'anitsitsa.

Abusa sanaseke, ndipo ndicho chinandiopsa. Anati mtima wanga ndi wabwino, ndipo munda woti nditumikire ulipo kale. Kutsidya kwa dambo kuli esiteti yomwe kuli mateneti ochokera ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Phalombe. Anthuwo anasiya kwawo, amakhala m'tinyumba ta udzu, amadya chimanga cha ngongole mpaka fodya atagulitsidwa, ndipo ana awo ambiri sukulu amangoimva. Lamulungu alibe wowatsogolera mapemphero. "Amenewo ndi alendo m'dziko lawo lomwe," anatero abusa. "Pitani kumeneko. Chilankhulo mukamvana."

Ndinafunsa za ndege. Anati kuli njira ya njinga. Ndinafunsa za alawansi. Anati mateneti amadziwa kuphika kalongonda. Ndinafunsa ngati pangakhale mwambo wonditsanzika, wokhala ndi kwaya ndi mpunga, monga tidzachitire ndi iwo. Anati adzalengeza pambuyo pa zolengeza za maliro.

Ndiye panopa ndine mmishonale. Lamulungu lililonse ndimapalasa njinga kudutsa dambo, buluku nditapinda mpaka m'mawondo, Buku Lopatulika lili mu jumbo kuopa matope. Kwa anzanga a pa bawo ndimangoti ndili pa ulendo wa utumiki, mtunda wake sinditchula. Mateneti anandilandira bwino, ngakhale mkulu wina wa Chilomwe anandipempha mwaulemu kuti ulaliki uzitha dzuwa lisanapendeke, poti madzulo amakasoka fodya. Amaimba bwino kuposa kwaya yathu, zimenezi musakauze a kwaya. Chodabwitsa china, atamva za kusonkhera abusa, anthu amene sagwira ndalama chaka chonse anasonkha nkhuku ziwiri ndi lichero la mtedza, n'kundipatsa kuti ndikapereke. Ndinakapereka zonse, kupatula mtedza wochepa umene unatayikira m'kamwa panjira.

Msungichuma analandira nkhukuzo, n'kulemba, kenako n'kutembenuza tsamba kufika pa dzina langa. "Izi ndi za mateneti, aBanda. Nanga belo lija?" Ndinamufotokozera kuti wantchito wa m'munda wa Ambuye sayenera kusonkhanso, popeza wapereka kale thupi lake. Iye anati m'buku mulibe mzere wolembapo matupi.

Naphiri naye wayamba kunditchula kuti "abusa a kudambo", makamaka pakakhala alendo. Ndamuuza kuti asaiwale mawu amenewa tsiku limene nkhope yanga idzaikidwe pa ndalama. Iye akuti aziyembekezera pa K10 yachitsulo, pambali pake pakhale njinga.

Abusa anyamuka chaka chamawa ngati zonse ziyenda, ndipo alonjeza pamaso pa mpingo kuti adzabwerera konkuno. Amalume alemba tsiku la lonjezolo kuseri kwa kalendala. Ine chimene ndikupempha kwa inu owerenga n'chochepa. Nonse amene muli ndi ngongole yanga, kuyambira uja anabwereka jeke chaka chatha mpaka uja anatenga mbande za pa nazale, bwezani msika wa fodya usanatsegulidwe. Ndipo mukakumana ndi bambo wamfupi wonyamula buku ndi bolopeni yofiira akufunsa njira ya kwa aBanda, muuzeni kuti anapita ku umishoni.